Agalu a chileyi kapena mphalapala za Asami? Ndalama ikukwana chimodzi

Wophunzira_Trondheim analemba:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munafikako kumpoto kwenikweni nthawi yachisanu.

Ine ndili ku Trondheim kuno ku Norway, sukulu ndikumaliza mu Juni. Bambo a kunyumba ndi mwana wathu wa zaka 8 akubwera kudzandiona mu Febuluwale. Mwanayo chionereni kavidiyo ka agalu akukoka chileyi pa chipale chofewa, pa foni palibenso nkhani ina. Bambo ake za agaluzo alibe nazo ntchito. Iwo ndi munthu wa ziweto, ndiye mtima wawo uli pa mphalapala (reindeer) zimene Asami, eni nthaka a kumpoto kuno, amaweta, akuti akufuna akaone ndi maso kuti nyama imadya chiyani m'dziko loti msipu umakwiririka theka la chaka. Ine ndili pakati, komanso wogwira chikwama ndine.

Mitengo ya ku Tromsø, mzinda wa kumpoto kwa Norway, ndaiona, mutu waima. Ulendo wa agalu wa theka la tsiku ukupitirira makrona 2,000 munthu mmodzi, wa mphalapala ukutsikirako koma osati kwenikweni. Mukaikapo ndege ndi pogona, ndalama yanga ikukwana chimodzi basi. Ndiye ndi chiti chimene munthu sanganong'oneze nacho bondo? Ndaonanso ena akugulitsa zonse ziwiri pamodzi n'kumati ndi tsiku la chikhalidwe cha Asami, pachithunzi pali munthu wovala zofiira ndi zabuluu ataima pambali pa agalu. Zimenezi n'zenizeni? Nanga mwana wa msinkhu umenewu amaloledwa pa chileyi? Ndifunsenso mosabisa, agaluwo sazunzika? Sindikufuna kutaya ndalama zonsezi kuti ndikaonerere nyama zikuvutika. Za kuzizira ndiye musachite kunena, anthu awiriwa chipale sanachipondepo.

Wodyetsa_agalu analemba:

Achemwali, ine ndinagwirapo ganyu pa khola la agalu kufupi ndi tauni ya Alta, kumpoto kwa Norway, ndiye ndikuuzani za agalu. Za mphalapala ndisiyira odziwa.

Mwanayo mumuuziretu kuti agalu amene akakumane nawo si aja a m'mavidiyo, a ubweya wambiri ndi maso abuluu. Ambiri ndi Alaskan husky, agalu osakanizika mtundu, a miyendo italiitali, ena makutu ogwa, ena akuda bii, ena a mawangamawanga. Alendo akangotsika basi amayamba kudandaula kuti agaluwa ndi owonda, kodi simuwapatsa chakudya? Akanadziwa mmene msana unkandiwawira ndi ndowa! Kusanache tinkasungunula nyama ndi zotsala za nsomba m'madzi otentha, n'kuthiramo mafuta ndi chakudya chouma mpaka ukhale msuzi wokhuthala. Madzi okhaokha mukawasiya m'mbale amaundana musanafike kumapeto kwa mzere, ndiye galu amamwa kudzera mu msuziwo. Kuwondako ndi kwa ntchito. Galu wonenepa amatenthedwa msanga ndipo mfundo za miyendo zimamuvuta.

Nthawi yowamanga zingwe ndi imene imaopsa anthu. Khola lonse limadzuka, kuuwa, kulira, kudumpha m'mwamba miyendo yonse inayi. Mwana akhoza kuganiza kuti akufuna kuluma, chonsecho aliyense akulimbirana kuti asatsale, ndipo amene sanasankhidwe tsikulo ndi amene amalira momvetsa chisoni. Ndiye mukangozula nangula m'chipale n'kuchotsa phazi pa buleki, phokoso lonse lija limaduka nthawi yomweyo. Chimatsala ndi wefuwefu wa agalu ndi chileyi chikukhwekhwereka.

Pa chileyi mumakhala awiri. Wina amakhala pansi pa chikopa, wina amaimirira kumbuyo pa timatabwa tiwiri totsetsereka, pakati pa ulendo n'kusinthana. Agalu amakhala 4 mpaka 6, malinga ndi kulemera kwanu ndi mmene chipale chilili tsikulo. A kutsogolo ndi anzeru, omva mawu, a pafupi ndi chileyi ndi adzitho. Kuwongolera si ntchito yanu kwenikweni, agalu amatsatira gulu la wotsogolera. Yanu ndi buleki, chitsulo cha mano chimene chili pakati pa mapazi anu. Potsika mtunda muziponda kuti chingwe chikhale chokungika, apo ayi chileyi chimathamanga kuposa agalu n'kuwagunda miyendo. Pokwera tsitsani phazi limodzi muzikankha, kapena tsikani muzithamanga mutagwira. Mukangoimirira ngati bwana, galu wa kumbuyo amatembenuka n'kukuyang'anani, ndipo manyazi ake amakugwirani ndithu. Lamulo lalikulu ndi loti manja asachoke pa chogwirira ngakhale mutagwa, chifukwa agalu saima poti inu mwagwa, amapita ndi amene wakhala m'chileyimo. Ndinaonapo bambo wina wa thupi lake akukokedwa chafufumimba, manja ali gwa, mpaka wotsogolera anabwerera kudzaimitsa gulu. Anadzuka chipale chili m'mphuno ndi m'makutu, koma mkazi wake anali bwinobwino pa chikopa paja.

Wa zaka 8 sayendetsa, amakhala pansi. Makampani amasiyana pa zaka zoyambira, ndiye funsani musanalipire, makamaka poti muli atatu: mwana akhala ndi mmodzi wa inu kapena m'chileyi cha wotsogolera? Dziwaninso kuti wokhala pansi ndi amene amazizidwa, woyendetsa amatuluka thukuta. Komanso agalu amachita chimbudzi akuthamanga, osaima, ndipo fungo limayambira kwa wokhala pansiyo. Kwa mwana wa msinkhu umenewu imeneyi ndiye idzakhale nkhani yokamba chaka chonse.

Ovololo yokhuthala, nsapato zachisanu ndi magolovesi akuluakulu amakubwerekani komweko. Zanu ndi za m'kati. Pakhungu pakhale ubweya wa nkhosa, osati thonje, chifukwa thonje likanyowa ndi thukuta limasunga madziwo n'kumakuzizirani. Jinzi isiyeni ku hotela. Nsapato mupemphe zokulirapo kuti zala zizisewera. Masokosi atatu m'nsapato yothina amatseka magazi, phazi limachita dzanzi msanga kuposa la amene wavala sokosi imodzi yabwino. Mwana muzimuyang'ana masaya ndi nsonga ya mphuno, pakayera muikepo dzanja lofunda, osatikita. Foni ikhale m'thumba la m'kati, batire ikazizidwa imathima mwadzidzidzi.

Tromsø ili m'mphepete mwa nyanja ndipo madzi ofunda a Gulf Stream amaiteteza ku chisanu choopsa, moti nthawi zina ngakhale mu Januwale kumagwa mvula n'kuononga njira za agalu. N'chifukwa chake makampani ena amakukwezani basi kupita kumtunda, cha ku Tamokdalen uko, ulendo woposa ola limodzi. Theka la tsiku lija mbali yaikulu ndi basi, kuvala ndi khofi. Funsani kuti pa chileyi penipeni mukhala mphindi zingati kapena makilomita angati, ndi pamene mitengo imayerekezeka bwino. Kumtunda kwa Finnmark, chigawo cha kumpoto kwenikweni kwa Norway, chisanu n'chouma ndi chokhazikika koma n'choluma, ku Karasjok kunafikapo madigiri 51.4 pansi pa ziro mu 1886. Mwezi wokha mwasankha bwino. Ku Tromsø dzuwa limasowa kumapeto kwa Novembala, anthu amalionanso cha pa 21 Januwale, ndiye pakati pa Febuluwale masana alipo okwanira pomwe usiku udakali wautali woti mwina n'kuona aurora, kuwala kwa mitundumitundu kumene kumaoneka kumwamba usiku. Akanabwera mu Malichi ndikanati pitani ku Alta mukaone Finnmarksløpet, mpikisano wa agalu wa makilomita 1,200, wautali kuposa wina uliwonse ku Ulaya, umene unayamba mu 1981.

Za chithunzi chija, agalu okoka chileyi si mwambo wa Asami. Iwo ankayenda pa ski, timatabwa tomanga kumapazi totsetserekera pa chipale, ndi pa zileyi za mphalapala, agalu awo ndi obusa. Luso la agalu okoka ndi la anthu a ku Siberia, Alaska, Canada ndi Greenland. Roald Amundsen wa ku Norway analiphunzira kwa anthu a mtundu wa Inuit asanakafike ku South Pole mu 1911, ndipo Leonhard Seppala, wobadwira ku Skibotn ku Norway komweko, anakatchukira ku Alaska. Ndi mmodzi wa aja anathamangitsa mankhwala a diphtheria pa zileyi za agalu kupita ku tauni ya Nome ku Alaska mu 1925, galu wake wotsogola ali Togo.

Ndikanakhala ine ndikanasankha agalu. Mphalapala bambo akhoza kuziona pa msewu mwaulere, koma chileyi mumachimva m'thupi.

Nesi_ku_Kiruna analemba:

Mayi mnzanga, achimwene a agaluwa anena zoona zambiri koma pomaliza penipenipo ndakana. Kuona mphalapala ikudutsa msewu si kuona ulimi wake. Mwana ali ndi kavidiyo, bambo ali ndi funso, ndipo funsolo ndi limene limapatsa anthu kuno kusagona.

Ndiyambe ndi zimene ndalama yanu idzagule, kuti musakayembekezere zina. Kumalo a alendo amasunga kagulu ka mphalapala zozolowera anthu mumpanda. Amakupatsani ndowa ya ndere zoyera kapena timibulu ta chakudya, nyama n'kukuzungulirani. Ndi zazifupi kuposa mmene anthu amaganizira, msana umafika cha m'chiuno mwa munthu wamkulu, mphuno yake yaubweya yofewa. Ndowa igwireni motsitsa ndipo mwana asaweramiremo, vuto si mano koma nyanga zikayamba kukankhana. Bambo aonetsetse chinthu ichi: zazikazi nazo zili ndi nyanga, ndipo zimakhala nazo mpaka nthawi yobereka mu Meyi, pomwe nkhunzi zimagwetsa zawo nyengo yokwerana ikangotha. Ndi mmene yaikazi ya bere imapirikitsira yamphongo pa dzenje la chakudya limene lakumbidwa m'chipale. Mukakhala chete mumva miyendo ikulira thethethe poyenda, ndi mtsempha wa kuphazi ukudumpha pa fupa. Chileyi chimakokedwa ndi yamphongo yofulidwa, ndipo imayenda mmene ikufunira, ikafuna imaima n'kuyamba kununkhiza pansi. Wofuna liwiro adzakhumudwa. Kenako mumalowa mu lavvu, tenti ya mitengo yosongoka pamwamba, moto pakati, zikopa pansi, n'kudya bidos, nyama ya mphalapala yophika ndi mbatatesi ndi karoti, kumwera khofi wowiritsa pamoto. Mwana mumuuziretu zimene zili m'mbalemo.

Gulu lenileni la mazanamazana simudzaliona pamenepo. Lili kutali m'nkhalango kapena kumapiri athyathyathya, lili momwazikana, ndipo mbusa amalizungulira tsiku ndi tsiku pa njinga yamoto ya pachipale, kuyang'ana mapazi a zimene zatuluka ndi a zilombo zimene zalowa. Ndimagwira ntchito ndi mayi wina wa banja loweta, ndiye chaka chikakhala choipa ndimachiwerengera pankhope pake. Mphalapala imanunkhiza ndere pansi pa chipale n'kukumba ndi ziboda. Koma kukafunda pakati pa chisanu, mvula n'kugwa, kenako n'kuziziranso, pansi pamauma ayezi amene ziboda sizingaswe, ndipo nyama zimafa ndi njala chakudya chili kunsi kwa mapazi awo. Zaka zino zikuchitika pafupipafupi. Zikatero mnzangayo amafika pa ntchito maso ali psuu, amuna ake ndi anyamata ali kuthengo kukoka matumba a chakudya chogula, chimene chimadya ndalama komanso mimba ya mphalapala sichizolowera msanga. Pamwamba pa izo pali zilombo zogwira mphalapala zotchedwa wolverine ndi lynx, pali ziwombankhanga zogwira ana, pali sitima za miyala ya chitsulo pa njanji ya ku Narvik zimene zimagunda nyama, pali migodi, ndiponso kudulidwa kwa nkhalango zakale zimene nthambi zake zimakhala ndi ndere zolendewera, chakudya chopulumukira pansi pakatsekeka. Inu a ku Trondheim nkhani ya dera la Fosen ili pakhomo panu. Mu Okutobala 2021 khoti lalikulu la Norway linagamula kuti zilolezo za makina opanga magetsi ndi mphepo ku Storheia ndi Roan, m'dera limeneli, zinaphwanya ufulu wa oweta, ndipo mu 2023 achinyamata a Chisami anakatseka makomo a maunduna ku Oslo chifukwa makinawo ankazungulirabe. Mabanja ena amalandira alendo kuti apeze ndalama yogulira matumba aja.

N'chifukwa chake kwa ine funso lalikulu ndi loti ndalama yanu ikulowa m'thumba la ndani. Ku Sweden kuno kuweta ndi ufulu wa Asami, woweta amayenera kukhala membala wa sameby, bungwe la oweta a m'dera limodzi, ndipo zilipo 51. Ku Norway m'madera a Asami ufulu wokhala ndi chizindikiro cha umwini pakhutu la mphalapala umayendera magazi, kholo kapena agogo ayenera kuti anali oweta. Ku Finland lamulo ndi lina, munthu wosakhala Msami wokhala m'dera loweta akhoza kukhala ndi mphalapala zake, ndiye famu ya kufupi ndi Rovaniemi ikhoza kukhala ya oweta enieni koma osakhala Asami. Pamenepo palibe cholakwika. Kulakwa kumayamba munthu akavala gákti, chovala cha makolo cha Asami, n'kumanamiza alendo. Chovala chimenecho odziwa amachiwerenga, chimanena dera ndi banja limene munthu akuchokera, si yunifolomu yogwirira ntchito. Nyumba ya malamulo ya Asami ya ku Inari ku Finland inatulutsa malangizo a zokopa alendo mu 2018, ndipo mmenemo zileyi za agalu anazitchula kuti ndi mwambo wobwereka. Oweta ali ndi dandaulo linanso: agalu akadutsa modyetsera, zazikazi za bere zimabalalika n'kutaya mphamvu zimene zilibe kale. Ndiye lembani imelo mufunse kuti mwini malowo ndi ndani ndipo ndi wa sameby kapena siida (gulu la mabanja oweta limodzi) iti. Woweta weniweni sazungulira poyankha.

Bambo muwauze funso limodzi lokha asafunse: muli nazo zingati? Kuli ngati kufunsa munthu ndalama zimene ali nazo kubanki. Afunse za makutu. Ana a mphalapala amadulidwa makutu ndi mpeni kumapeto kwa Juni ndi mu Julaye, kawirikawiri usiku kukazizirirako, kunja kuli mbee chifukwa dzuwa silinalowe. Munthu aliyense m'banja, ngakhale kamwana, akhoza kukhala ndi kadulidwe kake, ndipo woweta amawerenga khutu nyama ikuthamanga pakati pa zinzake n'kuponya chingwe. Afunse mmene amasankhira zopha ndi zosiya, mmene amalekanitsira magulu akasakanikirana, njira imene amadzera posamuka pakati pa msipu wa chisanu ndi wa chilimwe. Munthu wa ziweto akafunsa ngati mnzawo, nkhani imatalika kuposa imene anakonzera alendo.

Akakuimbirani joik, nyimbo ya makolo ya Asami, musajambule musanapemphe. Kwa zaka zambiri atchalitchi ankaitenga ngati tchimo, ana ankatumizidwa kusukulu zogonera kumene chilankhulo chawo chinkaponderezedwa, ndipo ena mwa okalamba amene ndimawasamala anadutsa mmenemo. Nyumba ya malamulo ya Norway inapepesa mu Novembala 2024. Dzina lakale lija loti Lapp musalitchule, ambiri limawapweteka. Mukafuna kugula mpeni kapena kapu ya mtengo, yang'anani chizindikiro cha Sámi Duodji, chosonyeza kuti ndi ntchito ya manja ya Asami enieni.

Masiku enieni simunanene. Ngati afika kumayambiriro kwa mwezi, pa 6 Febuluwale ndi tsiku la Asami onse, lokumbukira msonkhano wa 1917 umene Elsa Laula Renberg anatsogolera. Unachitikira mu mzinda wanu womwewo, m'tchalitchi cha Methodist. Sabata imeneyo ku Tromsø kumakhala mjaha wa mphalapala mu msewu wa Storgata, munthu ali pa ski kumbuyo kwa nyama. Kuno kwathu kuli msika wa Jokkmokk, umene wakhalapo kuyambira 1605, koma pogona amalipiriratu chaka chathunthu zisanachitike, ndiye ulendo uno uiwaleni.

Wa_sitima analemba:

Pepani ndilowerere. Nonse mukukangana za Tromsø, nanga Røros yalakwa chiyani? Amayi, kuchokera ku Trondheim ndi sitima ya maola awiri ndi theka basi. Kumeneko kuli makola a agalu, ndipo mpikisano wa agalu wa Femundløpet umanyamukira m'tauni momwemo kumayambiriro kwa Febuluwale. Mapiri ozungulira ndi msipu wa Asami a kumwera, amene ali ndi chilankhulo chawochawo chosiyana ndi cha kumpoto, ndipo ena mwa iwo amalandira alendo. Ndalama ya ndege ya anthu atatu ikatsala m'thumba, agalu ndi mphalapala zonse zitheka, nyumba n'kukhala pa mtendere. Chisanu musaope kuti chichepa, kumeneko kunafikapo madigiri oposa 50 pansi pa ziro mu 1914, ndipo masiku ambiri a Febuluwale kumazizira kuposa ku Tromsø. Tauni yake ndi ya nyumba zamatabwa za nthawi ya migodi ya kopa, ili pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 1980. Chakumapeto kwa mwezi kuli msika wa Rørosmartnan, wa chiyambire 1854, anthu amafika pa zileyi za mahatchi atavala zikopa. Sabata imeneyo pogona pamavuta, koma inu mukhoza kupita m'mawa n'kubwerera madzulo.

Chimene mutaye ndi aurora, kumwera kuno imaoneka mwa apo ndi apo. Koma ngakhale ku Tromsø mitambo ikatseka anthu amabwerako osaiona, ndalama atalipira.

Wophunzira_Trondheim analemba:

Zikomo kwambiri nonse, ndawawerengera bambo pa foni. Za makutu zija zawagwira mtima, akuti mpeni wake akufuna akauone. Røros sindinaiganizire n'komwe. Vuto latsala ndi loti iwo akuti sangafike mpaka ku Norway n'kubwerera osawoloka mzere wa Arctic, uja wa pamapu pamene pamayambira dera la kumpoto kwenikweni, anzawo akawaseka. Ndipo achimwene a agalu, funso langa la kuzunzika mwalilambalala. Ndidziwa bwanji khola labwino ndisanalipire?

Wa_sitima analemba:

Mzerewo ndi wosavuta. Sitima ya Trondheim kupita ku Bodø imauwoloka pa phiri la Saltfjellet, ulendo wonse ndi wa maola pafupifupi 10. Kwerani ya m'mawa kuti mudutse paphiripo kudakali kowala, nthawi zina mphalapala zimaoneka pa windo. Matikiti ogula msanga amatsika mtengo.

Wodyetsa_agalu analemba:

Mwandigwira, achemwali. Makola abwino alipo, oipa aliponso, ndipo pa intaneti onse amaoneka ofanana. Kukoka pakokha si nkhanza kwa agalu amenewa, mudzaona nokha nthawi yomanga zingwe. Nkhanza imabisala kumene mlendo safika: kuthamangitsa gulu lomwelo m'mawa, masana ndi usiku nyengo ya alendo ambiri, kusunga agalu ochuluka kuposa manja owasamala, ndi zimene zimachitikira galu akakalamba.

Ndiye mu imelo yomweyo funsani kuti galu amapuma masiku angati pa sabata, m'chilimwe amachita chiyani chipale kulibe, ndipo okalamba ndi ovulala amapita kuti. Khola labwino lidzakuuzani kuti okalamba ali pomwepo akuphunzitsa tiana, kapena anapatsidwa kwa mabanja, mwinanso akutumizirani chithunzi. Loyankha zozungulira lisiyeni. Ku Norway mudzaona makola ena agalu ali pa tcheni, aliyense ndi kanyumba kake, pomwe ku Sweden lamulo sililola galu kukhala womangidwa tsiku lonse, ndiye amakhala m'mipanda. Tcheni payokha sindiweruza nayo, ndimayang'ana ngati m'kanyumbamo muli udzu wouma, ngati pabwalo patoledwa, ndi mmene galu amachitira wantchito akayandikira. Wothamangira munthu mchira uli m'mwamba ndi wina, wobisala m'kanyumba ndi wina. Wotsogolera wabwino amadziwa galu aliyense dzina, amagwada kuyang'ana zikhatho asananyamuke ndi pobwera, ndipo chipale chikakhala chakuthwa amawaveka timasokosi. Mukaona zokayikitsa ku Norway, oyang'anira za ziweto ndi Mattilsynet, amalandira madandaulo ngakhale a mlendo.

Funsaninso kuti zileyi zimanyamuka zingati pa ulendo umodzi. Zikakhala zochepa wotsogolera amakuonani nonse, zikachuluka mumangoima n'kumadikira amene wagwa kutsogolo, mwana akuzizidwa. Tengani ulendo wa m'mawa, agalu akadali ndi mphamvu ndipo njira isanakumbike. Ikani agalu kumayambiriro kwa masiku anu, kuti kukafunda kapena mphepo ikavuta n'kuimitsa ulendo, mukhale ndi tsiku lina losunthirako, ndipo mufunsiretu ngati amabweza ndalama akaimitsa okha.